Akuti Madamu Akukagwira Jakisoni

Nkhaniyi inatuluka Lachiwiri m'mawa, tsiku la msika, ndipo mmene dzuwa limapendeka inali itafika kale kumjigo, kuchigayo ndi pabawo. Akuti Madamu a Sitandade 2, aja amayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula, akufuna kutula choko pansi n'kukaphunzira unamwino. Woyamba kuitulutsa sakudziwika, poti aliyense mukam'panikiza akuti, "Inenso ndangomva." Koma mukalondola bwino mapazi ake, akukathera kwa mnyamata wa fotokope. Iyeyu anaona zinthu ziwiri: Madamu akuchulukitsa satifiketi yawo ya MSCE, kenako akum'funsa ngati angawapezere mapepala akale a mayeso a Biology. Basi zomwezo. Koma tauni yathu ino, yomwe inangondanda m'mphepete mwa msewu wa M1 kuno ku Dedza, siifuna umboni wochuluka. Mukaipatsa mapepala awiri, buku lonse ilemba yokha.

Oyamba kugamula anali anyamata a kabaza. Kwa iwowa za sukulu zinali zitatha kalekale, Madamu ali pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, sutikesi m'manja.

"Unesi ndi pasipoti, abigi," anatero mmodzi atakhalira chishalo cha njinga yake. "Zaka zitatu zokha, kenako London. Adzabwera pa Khirisimasi atavala jekete laubweya, ife tikulimbirana zikwama zawo."

Mnzake anatulutsa foni, n'kufufuza kuti paundi ikusinthidwa bwanji, n'kuchulukitsa ndi nambala yomwe anaitola m'mutu mwake momwemo. Yankho lake linaimbitsa siteji yonse likhweru. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu a mtundu umenewu amakoma kwabasi, ngakhale kwa anyamata omwe masamu a m'kalasi anawathawa ali Sitandade 6.

Amene anawadula mawu ndi wometa wa pafupi pomwepo, munthu amene wailesi yake siizima. Anatuluka ndi makina ometera m'manja, kasitomala atam'siya mutu uli mbali imodzi. Anawauza kuti Malawi ili pa mndandanda wa bungwe la WHO wa maiko omwe akuperewera kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, mndandanda womwe mu 2023 unali ndi maiko 55, ndipo Britain salola mabungwe ake kubwera kudzakopa anamwino m'maiko amenewa. Munthu akhoza kudzifunsira yekha, inde, koma ayambe wakhoza mayeso a Chingerezi, a IELTS kapena OET, kenako mayeso awiri a bungwe la anamwino la kumeneko, ena a pakompyuta, ena ochita ndi manja akafika. Zonsezo ndi ndalama, ndipo si makwacha.

"Chingerezi?" wakabaza uja anaseka. "Madamu akhala akuphunzitsa ana moni wa Chingerezi m'mawa uliwonse zaka zonsezi. Angalephere iwowo?"

Wometa anapukusa mutu n'kubwerera kwa kasitomala wake. Komatu maloto a anyamatawa sanagwe kumwamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ankapitadi ku Britain mwaunyinji, mpaka boma, mothandizidwa ndi Britain yomweyo ndi Global Fund, linayamba mu 2005 kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro a azaumoyo kuti aleke kuthawa. Anthu amakumbukira nyumba za malata zomwe zinamangidwa ndi ndalama za kunja nthawi imeneyo. Za malamulo omwe anabwera pambuyo pake safuna n'kumva komwe.

Pabawo, kuseri kwa golosale, nkhani inagwera m'manja mwa madoda awiri omwe akhala akukangana chipumireni pantchito. Ena anali ahedi a pulayimale kuyambira nthawi ya Kamuzu. Enawo anali a Medical Assistant, koma tauni yonse imangowatchula kuti Adokotala, ndipo iwo sanatsutsepo.

Ahedi opumawo sanadabwe. Kwa iwo uphunzitsi unafa mu 1994, chaka chomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kuchoka pa chiwerengero chosafika 2 miliyoni kukafika cha m'ma 3 miliyoni, boma n'kulemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji kuti atseke mipata. "Ana anayenera kubwera, sindikana," iwo anatero akutola nkhomo m'dzenje. "Koma ulemu wa mphunzitsi unatuluka pa khomo lomwelo. Nthawi yathu, achimwene, mphunzitsi akamadutsa anthu ankavula zipewa. Makalata opita ku Joni tinkalemba ndife, obwera tinkawerenga ndife. Wailesi yoyamba m'mudzi inali ya mphunzitsi. Lero mayi wa tomato akaona mphunzitsi pa 20 wa mwezi, amaphimba kope la ngongole ndi chitenje."

"Ndiye mukuganiza kuti kwathu kuli uchi?" anayankha Adokotala. "Inu munkagona usiku wonse. Inu munkakhala ndi holide katatu pa chaka, n'kupita kukalima fodya kwanu. Ine ndinkadzutsidwa pakati pausiku ndi anthu atanyamula munthu pa machira. Matenda sadziwa Sabata, sadziwa Khirisimasi."

"Koma alawansi mumalandira ndinu."

Apa m'pomwe panali chilonda. Ahediwo sanaiwale za 2021, pomwe aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la TUM, ananyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19 yomwe azaumoyo ankalandira. Iwo akuti mphunzitsi woima kutsogolo kwa ana odzaza chipinda, onse akutsokomola, analinso pa ngozi. Adokotala akuti woima patsogolo pa ana ndi wolowa mu tenti ya odwala atavala pulasitiki thupi lonse si anthu ofanana. Anakangana mpaka kuiwala kuti woyenera kusewera ndani, ndipo mnyamata woonerera ndiye anawakumbutsa. Za Madamu enieniwo sizinatchulidwenso. Madodawa anali kuweruza moyo wawo womwe, aliyense akufuna mnzake avomere kuti wovutika kwambiri anali iye.

Kumjigo amayi analibe nazo ntchito za mapaundi kapena alawansi. Funso lawo linali limodzi: kodi Madamu mtima wake ali nawo?

Ena anati ali nawo, wochuluka. "Munthu wopirira ana opitirira 100, ena mamina ali chuchuchu, ena akulira kuti aberedwa pensulo, ena adzikodzera pamalo pomwepo, angalephere wodi?" anatero mayi wina akutsuka ndowa. "Mwana wanga analowa m'kalasi mwawo asakudziwa kugwira pensulo. Lero amandiwerengera mameseji a pafoni."

Ena anakana. "Onse amayamba ali choncho, anzanga. Mukangowaveka choyera chija, pakamwa pamasintha." Apa ndiye nkhani zinakhuthuka, poti palibe mayi wopanda nkhani yake ya ku leba. Uyu anakalipiridwa chifukwa chobuula. Uyo anafunsidwa funso lomwe sindingalembe pano. Koma wina anawakumbutsa za namwino yemwe anavula chitenje chake n'kufunditsa khanda lake iye atapita wopanda kanthu, ndipo winanso anati anaona ndi maso namwino mmodzi akuthamanga pakati pa amayi atatu usiku umodzi, magetsi atazima, akuunikira ndi foni ataluma ndi mano. "Inuyo mukanaseka?" anafunsa.

Kenako maso a gulu lonse anawala pamodzi. Madamu akakhala namwino, ndiye kuti kuchipatala tikhala ndi munthu wathu! Za kulawirira m'bandakucha kukagwira mzere zatha. Mankhwala akasowa pa windo, adzatinong'oneza kumene ali. Mayi wina anafika mpaka polonjeza kuti mwana wake wotsatira adzabadwira m'manja mwa Madamu, ngakhale kuti womaliza wake ali Fomu 2.

Chisangalalo chinatha pomwe mtsikana wina, amene nthawi yonseyi amangopopa madzi, anafunsa chapansipansi: "Ndiye kuti mabuku athu a kuchipatala azidzawerenga?"

Kunangoti zii, mjigo wokha ndiwo umamveka. Aliyense anayamba kukumbukira zomwe zinalembedwa m'buku mwake. Alipo olera mobisa amuna awo. Alipo okatengera mankhwala awo ku chipatala cha kutali dala, n'kumauza anthu kuti akukaona achemwali. Wamkulu pa onse ndiye anatseka nkhani: "Akaphunzire, ndi zabwino. Koma akamaliza akagwire ku Karonga."

Ine apa ndiimako kumbali ya Madamu. Namwino lamulo la ntchito yake limam'manga kusunga chinsinsi cha wodwala, koma ngakhale tisiye lamulolo, mphunzitsi wa Sitandade 2 amadziwa kale zonse za tauni ino. Ana a zaka zisanu ndi ziwiri sabisa kanthu. Madamu amadziwa nyumba yomwe anagona ndi njala, yomwe bambo anapita ku Joni osatumiza kanthu, ndi yomwe usiku kunauluka mbale. Zaka zonsezi palibe anamvapo chilichonse chochokera pakamwa pawo. Amayi a kumjigo akuopa munthu yemwe wawasungira kale zinsinsi kwa nthawi yaitali osalipidwa.

Kusukulu kwenikweniko, nkhani inalowa m'sitafu rumu nthawi ya buleki, Madamu atapita kukalekanitsa ana omenyana. Aphunzitsi a Sitandade 8, katswiri wa masamu, anatenga choko n'kuyamba kuwerengera pa bolodi lakale. Choyamba, sukulu za unamwino zimafuna makirediti a MSCE mu Chingerezi, masamu ndi masayansi, ndiye Madamu ayambe alembanso mayeso a MANEB: chaka chimodzi, zikayenda. Chachiwiri, dipuloma ya unamwino ndi uzamba, yomwe amaphunzitsa m'makoleji a CHAM ndi ku Malawi College of Health Sciences, ndi zaka zitatu. Akafuna digiri, ku Mzuzu University kapena ku KUHeS, yunivesite yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ndi zaka zinayi. Akamaliza, pali mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda chiphaso cha kumeneko palibe kugwira wodwala. Ndipo pamapeto pa zonse, anajambula chizindikiro chachikulu cha funso.

"Ichi ndi chiyani, sala?" anafunsa wina.

"Kudikira kuti boma likulembe. Sindikudziwa nambala yake, ndipo ku Capital Hill nakonso sakuidziwa."

Onse anaseka, koma kuseka kowawa, poti ambiri mwa iwo anadikirapo atamaliza IPTE, satifiketi ili m'sutikesi, iwo akugulitsa mandasi. Anamwino nawonso amadikira chimodzimodzi. Ena amakhalira lokamu, ena m'zipatala zing'onozing'ono za anthu, ndipo aliyense akukumbukira chipwirikiti cha mu 2020 ku Mzuzu, pomwe chikhamu cha achinyamata chinapondana polimbirana mayeso a ntchito za ku unduna wa zaumoyo. Katswiri uja anamaliza masamu ake: Madamu akulowera ku zaka 35, ndiye jakisoni woyamba wolipidwa adzabaya ali cha m'ma 40, kupuma pantchito m'boma kuli pa 60. Pakati ponsepo malipiro palibe, pomwe ngongole zomwe zimadulidwa pa payisilipi sizipita ku holide.

Ahedi athu a panopa sanayang'ane n'komwe pa bolodipo. Iwo nkhawa yawo inali ina. "Zonsezo ndamva. Koma Sitandade 2 ndipatsa ndani?"

Aliyense anapeza chochita. Wina anayamba kufunafuna cholembera m'thumba, wina anakumbukira kuti sanamalize sikimu. Makalasi a ana aang'ono ndi omwe aliyense amawayamikira pa msonkhano, koma palibe amawafuna pogawana ntchito. Kumeneko kulibe kukhala pampando. Uimbe, uvine, upukute misozi, ulembe a, e, i, o, u m'makope oposa zana, mawu n'kusasa Lachitatu lisanafike. Munthu mmodzi yekha ndiye anaoneka wosangalala, mtsikana wothandizira yemwe sanalembedwe ntchito ndi boma. Akuti iyeyu wayamba kuwapempherera Madamu mochokera pansi pa mtima kuti Biology ilowe.

A PEA atabwera pa njinga yawo yamoto Lachinayi, anapeza nkhani itawadikira pa geti. Malangizo awo anali a munthu wa boma: bwanji osakawonjezera maphunziro ku Domasi kapena ku Nalikule, n'kudzaphunzitsa ku sekondale, zaka zomwe wagwira kale osazitaya? Anthu anagwedeza mitu kuti ndi nzeru. Koma Madamu sananenepo kuti vuto lawo ndi msinkhu wa ana.

Namwino weniweni tili naye m'tauni muno, amachita lendi kuseri kwa chigayo. Anthu sakonda kum'funsa zinthu masana chifukwa nthawi zambiri amakhala akugona, wachokera ku naiti. Koma mayi wa mandasi analimba mtima n'kum'fikitsira nkhani. Akuti anaseka mpaka kukhala pansi pa khonde.

"Auzeni abwere, asisi, malo alipo," anatero. "Koma muwauzenso kuti mwana akalephera mayeso amabwereza kalasi. Wodwala sabwereza."

Kenako anafotokoza za kolera ya 2022 mpaka 2023, yoopsa kuposa ina iliyonse yomwe dziko lino linaonapo, yomwe inapha anthu opitirira 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawo. "Aphunzitsi anauzidwa kuti khalani kunyumba. Ife tinauzidwa kuti bwerani msanga." Anatchula za kuimirira usiku wonse miyendo n'kutupa, za kuuza gadiyani kuti mankhwala akagule ku famase iwe ukudziwa kuti m'thumba mwake mulibe kanthu, za kutukwanidwa chifukwa cha zinthu zomwe sunasowetse ndiwe. Koma mayi wa mandasi akuti nkhope yake inasintha pomwe ananena za khanda lomwe linabadwa osalira, iye n'kulimbana nalo mpaka linalira. Mwanayo tsopano amam'thamangira pamsika.

Chomwe chinasokoneza tauni ndi mawu ake omaliza. Atafunsidwa zomwe akulakalaka kutsogoloku, namwinoyo anati akusunga ndalama kuti akawonjezere sukulu, adzakhale mphunzitsi wa anamwino ku koleji, azidzagona usiku ngati anthu ena onse. Nkhaniyi itafika pabawo, ahedi opuma aja anaimirira n'kuvula chipewa. Adokotala anati wakula mutu ndi tulo.

Lamulungu nkhani inalowa m'matchalitchi, ndipo inatulukamo ili mpikisano. Amayi a Chigwirizano anati palibe chokambirana: Nkhoma ili pafupi, mukangokhota pa Kamphata mwafika, chipatala chake n'chakalekale, ndipo ana azidzatha kukaona mayi wawo Loweruka. Akatolika anati Madamu uphunzitsi wawo anakautenga ku St Joseph's ku Bembeke, ndiye asam'siye Yosefe woyera panjira, apite ku St Joseph's ya ku Nguludi, ikakanika ku Holy Family ku Phalombe. Mkulu wina wa Seventh Day, yemwe tsiku lake linali litadutsa kale dzulo lake, anaima pa golosale kuuza aliyense za Malamulo ku Thyolo. Wa Anglican tili naye mmodzi yekha, koma naye sanalole kuti St Luke's ya ku Malosa isatchulidwe. Palibe mpingo womwe unanenapo za kusonkha fizi.

Bambo a kunyumba kwa Madamu, omwe amapikulitsa mbatata ya kachewere kwa a malole a ku Blantyre, ndiwo aona zakuda sabata ino. Sangadye tchipisi pachiwaya mwamtendere. "Alamu, zaka zitatu muziphika nokha?" Wina akuti, "Naiti imeneyo muisamale, kuchipatala kuli madokotala achinyamata." Winanso, amene anali atalawako kale, anawauza kuti akonzekere kumabayidwa jakisoni akachedwa kubwera kunyumba. Iwo yankho lawo ndi limodzi: "Tikukambirana." Koma mnyamata wa pachiwaya akuti anawaona akulemba manambala kuseri kwa katoni, akuwerengera kuti fizi ya chaka chimodzi ndi matumba angati a mbatata. Anafufuta katatu.

Lolemba kunatulukira amalume, mwinimbumba, atapalasa njinga kuchokera kumudzi, nkhope ili gwa. Anthu anaganiza kuti abwera kudzaletsa. Ayi ndithu. Mlandu wawo unali woti nkhani ya mwana wa mlongo wawo anaimva kwa wakabaza. "Ine ndafa kodi? Ku Bembeke anakutengera sutikesi ndani?" Madamu anagwada, anapepesa, nkhuku inafa. Atasamba m'manja, amalume anagamula kuti m'banja mwawo aphunzitsi alimo kale atatu, koma wachipatala palibe, ndipo ichi n'chifukwa chake maliro akhala akuchuluka. Ananyamuka atasiya mawu oti msana wawo ukumawawa chakumanzere, Madamu akafika pa mutu umenewo awauze.

Wa golosale sakugona. Kope lake lili ndi tsamba la Madamu, ndipo sakudziwa kaya alitseke kaya alionjezere. Mphunzitsi ndi wangongole wabwino: amachedwa, koma mwezi ukatha amabwera, ndipo sangathawe poti sukulu siisamuka. Wophunzira wa ku koleji alibe mwezi wotha. Komano namwino wa mawa si munthu wom'kaniza shuga lero. Pakadali pano wasankha kuwapatsa sopo ndi mchere, mafuta ophikira ayi. Amayi a banki m'khonde nawo anakambirana mpaka mdima, n'kugwirizana kuti ndalama yolembetsera mayeso awabwereke, chiwongoladzanja chake chomwe chija cha aliyense, poti banki ilibe chibale ndi sayansi.

M'zonsezi, anthu omwe anapita kukafunsa mwini wake ndi owerengeka. Nditakumana nawo akuchokera kusukulu, manja ali mbuu ndi choko, sanabise. Kalata yosiya ntchito sanalembe, koleji sanasankhe, London sanailotepo. Unamwino anaufuna ali Fomu 2. Koma anaphunzira pa CDSS, imodzi mwa sekondale zoyendera zomwe boma linapanga mu 1998 kuchokera ku ma DEC akale, ndipo pasukulu pawo labu panalibe. Maikulosikopu anaiona itajambulidwa pa bolodi. Asidi ankangomumva kuti amawotcha. Mayeso atatuluka, Chichewa, Chingerezi ndi Social zinali bwino, masayansi anangodutsa chokwawa. Ku TTC anawaitana, kunyumba kunali ang'ono awo ofuna fizi, iwo n'kupita.

"Ana ndimawakonda, musandimve molakwa," anatero. "Koma uphunzitsi sindinausankhe, unanditola. Ndikungofuna ndidziwe ngati chinandikanika ndi mutu wanga kapena labu ija."

Mawu amenewa sanayende m'tauni, chifukwa alibe mapaundi, alibe madokotala achinyamata. Komatu m'masitafu rumu a dziko lino muli anthu ambiri otoledwa chomwechi, ndipo m'mawodi namonso alimo omwe ankafuna za malamulo kapena za mabanki, unamwino n'kukhala khomo lomwe linatseguka. Timakonda kuwauza onsewa kuti ntchito yawo ndi maitanidwe, makamaka ikafika nthawi yokamba za malipiro. Kaya Madamu adzafika ku wodi kaya adzabwerera ku a, e, i, o, u, ine ndikuona kuti munthu wa zaka za m'ma 30, wa ana ake ndi ngongole zake, wolimba mtima kukagula buku la Fomu 3, sayenera kusekedwa ndi anthu omwe buku lomaliza anatsegula nthawi ya Bakili.

Panopa akaweruka masana amapita ku sekondale ya pafupi, ku makalasi a madzulo aja a obwereza. Tsiku loyamba kunali chisokonezo. Atangolowa, mnyamata wina wa kumbuyo anadzambatuka n'kuima njo, manja kumbuyo, n'kupereka moni wa m'kalasi. Anali mwana yemwe Madamu anam'phunzitsa kugwira pensulo zaka khumi zapitazo. Tsopano amakhala desiki imodzi, ndipo akuti pa Chemistry mnyamatayo ndiye amawafotokozera, koma salola kukhala pansi iwo asanakhale. Mphunzitsi wa kalasiyo, kamnyamata kongochoka kumene ku koleji, akafuna kuwafunsa funso amayamba ndi kupepesa.

Tauni yokha ndiyo siikudikira MANEB. Ana a Sitandade 2 ayamba kale kuwaonetsa zilonda za m'mawondo. Mayi wina anawaimitsa pamsika kuti amugwire mwana pamphumi. Ndipo Loweruka m'mawa, agogo ena a kuseri kwa phiri anafika pakhomo pawo ndi ndodo, n'kukhala pa mkeka, n'kumasula kansalu momwe munali buku la kuchipatala.

"Mwanawe, ndamva kuti ndiwe nesi tsopano. Tandiuza zomwe andilembera umu."

Madamu anayesa kufotokoza kuti ngakhale mayeso sanalembe, koma agogo anati zimenezo ndi za boma. Ndiye anatenga bukulo, analitembenuza uku ndi uku, analiyandikiza kumaso, analitalikitsa. Kenako anawauza agogowo kuti abwerere kuchipatala Lolemba akafunse bwinobwino, ndipo akakafika akamuuze amene analembayo kuti akanakhala wa m'kalasi mwawo, sakanapita ku buleki asanalembenso tsamba lonse.